Bere Likamapweteka Poyamwitsa

Mayi, kodi bere limakupwetekani mwana akamayamwa? Amayi ambiri amangopirira, amati ndi mmene zimakhalira. Ena amasiya kuyamwitsa, n'kuyamba kupatsa khanda phala. Zonsezi si zabwino. Ululu uli ndi cifukwa cake, ndipo umatha.

Masiku oyamba, nsonga ya bere imatha kuwawa pang'ono. M'mimba namonso mumapota poyamwitsa, cifukwa ciberekero cikubwerera m'malo mwake. Izi zimatha zokha. Koma ululu waukulu, zilonda kapena magazi, ayi ndithu, pamenepo cilipo cimene calakwika.

Onani mmene mwana wagwirira bere

Nthawi zambiri vuto limayambira pano. Mwana akagwira nsonga yokha, amaikhula mpaka kung'aluka, komanso sakhuta. Mufungateni, mimba yake igunde mimba yanu. Dikirani ayasamule kwambiri, kenako mubweretseni kubere. Mbali yakuda ya bere ilowe yambiri m'kamwa, cibwano cake cikhudze bere, mlomo wam'munsi upindikire kunja. Ngati zikuwawabe, lowetsani cala coyera m'mbali mwa kamwa lake, mumucotse bwinobwino, muyambirenso. Musamukoke.

Nsonga ikang'aluka

Mwana akatha kuyamwa, finyani timadontho ta mkaka wanu, mupake pacilonda, paume pokha. Musatsuke nsonga ndi sopo. Musapakepo phulusa kapena mankhwala a zitsamba, paja zonsezo zikalowa m'kamwa mwa mwana.

Mabere akadzaza n'kuuma

Izi zimacitika kwambiri patapita masiku 3 mpaka 5 mwana atabadwa. Mabere amalemera, amalimba ngati mwala. Mankhwala ake ndi kuyamwitsa pafupipafupi, usana ndi usiku, kosacepera ka 8 patsiku. Ngati mwana akulephera kugwira, finyani mkaka pang'ono ndi dzanja kuti bere lifewe. Akatha kuyamwa, ikani nsalu yonyowa ndi madzi ozizira pabere.

Mukamva kabulu kolimba m'bere, ndiye kuti mkaka sukuyenda bwino pamalopo. Pitirizani kuyamwitsa bere lomwelo. Sisitani mopepuka, osakanikiza mwamphamvu. Musamange cifuwa ndi nsalu yothina.

Nanga kucipatala mupite liti?

Musacedwe mukaona izi:
- bere latupa, latentha, ndipo thupi lanu likutentha kapena mukunjenjemera;
- ululu sukucepa patatha tsiku limodzi;
- patuluka cithupsa kapena mafinya;
- m'kamwa mwa mwana muli zoyerayera zosacoka, ndipo nsonga yanu ikuyabwa kapena kuwotca;
- mwana sakuyamwa bwino, wafooka, kapena akukodza mocepa.

Ngati muli ndi kacirombo ka HIV, samalani kwambiri. Bere la cilonda kapena lotupa musayamwitse mpaka litacira. Yamwitsani bere linalo, lodwalalo muzifinya n'kutaya mkakawo. Imwani ma ARV anu tsiku lililonse, ndipo muonane ndi namwino msanga.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse, OMS, limalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, osamupatsa ngakhale madzi, ndipo apitirize kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kuposerapo. Inu abambo ndi agogo, mayi akamadandaula za bere, musamuuze kuti angolimba mtima. Mutungireni madzi, muphikireni, ndipo muperekezeni kucipatala.