Chama, Barotseland ndi Vojvodina: Mphamvu Zopatsidwa ndi Likulu

M'zaka khumi zokha, boma la Chama linasintha chigawo kawiri. M'chaka cha 2011 Pulezidenti Michael Sata anakhazikitsa chigawo chatsopano cha Muchinga, likulu lake ku Chinsali, ndipo anachotsa Chama m'chigawo cha Kummawa n'kumuika kumeneko. Mu Novembala 2021 Pulezidenti Hakainde Hichilema anabweza Chama Kummawa, pansi pa Chipata. Asenga a kwa Kambombo, kwa Tembwe ndi kwa Chikwa sanasamuke, mpunga wawo ankaulimabe m'chigwa cha Luangwa, koma ofesi yaikulu yowayang'anira inasuntha. Maulendo onse awiri chigamulo chinachokera ku Lusaka.

Zinatheka chifukwa cha m'mene dziko la Zambia linaumbidwira. Chigawo chilibe nyumba yake ya malamulo. Nduna ya chigawo amasankha ndi pulezidenti, ndipo DC ndi nthumwi ya boma lalikulu. Anthu a ku Chama amavotera aphungu awo, makhansala, komanso wapampando wa khonsolo, amene kuyambira 2016 amasankhidwa mwachindunji ndi anthu. Thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022. Ndalamazi n'zambiri, komabe amene amadula kukula kwake ndi bajeti ya ku Lusaka.

Dera lodzilamulira lokha limasiyana ndi zimenezi. Limakhala ndi nyumba ya malamulo, boma lake, ndi ntchito zimene likulu siliyenera kulowererapo. Chitsanzo chodziwika ndi Vojvodina, chigawo cha kumpoto kwa Serbia, chimene likulu lake ndi Novi Sad. Pa anthu atatu alionse kumeneko, pafupifupi awiri ndi Aserbia, ndipo mtundu wachiwiri kukula ndi Ahangare. Pa ntchito za boma amagwiritsa ntchito zilankhulo zisanu ndi chimodzi, ndipo nyumba yawo ya malamulo ili ndi aphungu 120.

Vojvodina inapatsidwa ufulu wodzilamulira mu 1945, m'dziko la Yugoslavia la Josip Broz Tito. Tito sanali mlendo ku Zambia: anali bwenzi la Kenneth Kaunda, ndipo kampani ya kwawo ndiyo inamanga holo ya Mulungushi ku Lusaka, momwe munachitikira msonkhano wa mayiko osakondera mbali mu 1970. Malamulo aakulu a 1974 anakweza Vojvodina kwambiri, mpaka inakhala ndi mpando pa utsogoleri wa dziko lonse, pafupifupi mofanana ndi Serbia yeniyeniyo. Tito atamwalira mu 1980, zinthu zinayamba kutembenuka. Mu Okutobala 1988 makamu otsatira mtsogoleri wa Serbia Slobodan Milošević anazinga maofesi a ku Novi Sad mpaka atsogoleri a chigawo anatula pansi udindo. Pofika 1990 mphamvu zambiri zinali zitabwerera ku Belgrade, likulu la Serbia. Zina zinabwezedwa mu 2002, Milošević atagwa, ndipo malamulo aakulu a Serbia a 2006 analonjeza kuti bajeti ya Vojvodina isamachepere 7 peresenti ya bajeti ya dziko. Chodabwitsa n'chakuti amene analanda mphamvuzo sanali a mtundu wina. Aserbia a ku Belgrade ndiwo anachepetsa ufulu wa chigawo chodzala Aserbia anzawo.

Zambia nayo inayesapo njira imeneyi. Pa 18 Meyi 1964, ku London, Kaunda, Litunga (mfumu ya Alozi) Mwanawina III ndi nduna ya Britain Duncan Sandys anasaina pangano la Barotseland. Linapatsa Litunga mphamvu pa malo, nkhalango, usodzi, makhoti a chikhalidwe ndi misonkho ya m'deralo. Silinakhalitse. Lamulo la maboma aang'ono la 1965 linayamba kudula mphamvuzo, ndipo mu 1969 nyumba ya malamulo inathetsa panganolo, dera n'kutchedwa chigawo cha Kumadzulo. Mkangano wake sunathe: mu Januwale 2011 ku Mongu kunabuka zipolowe, ndipo mu Malichi 2012 msonkhano waukulu wa Alozi unagwirizana zofuna kudzipatula.

Akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mphamvu yolembedwa papepala imakhala yapachala ngati amene anaipereka angathe kuifafaniza yekha. Choncho poyesa ufulu wa dera lililonse, mafunso ofunika ndi atatu: ndani amasankha atsogoleri ake, ndani amatolera ndi kugawa ndalama, ndipo ndani ayenera kuvomereza malire kapena malamulo ake asanasinthidwe? Ku Chama funso loyamba lili ndi yankho la theka, lachiwiri layamba kuyankhidwa ndi CDF, koma lachitatu likadali m'manja mwa aliyense amene wakhala pampando ku State House.