Tulo Tapachiwongolero ndi Ndandanda ya Maulendo

Dziko la Malawi lilibe doko la panyanja yamchere, motero katundu wambiri amene limagula ndi kugulitsa kunja amayenda pamsewu. Mafuta a galimoto amachokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo malole amalowa ndi kutuluka pa zipata za Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe. Mabasi nawo amanyamula anthu kuchokera ku Blantyre mpaka ku Johannesburg, mtunda woposa makilomita 1,500. Pa chiwongolero cha galimoto iliyonse mwa zimenezi pali munthu, ndipo munthuyo amafuna tulo monga wina aliyense.

Lole ikagubuduka m'mbandakucha pamsewu woongoka, kopanda mvula, ndiponso pasakuoneka pamene matayala adakhukhuluza poyesa kuima, anthu amafulumira kunena kuti dalaivala adasinza. Kawirikawiri amakhala akunena zoona. Koma pali funso lina limene silifunsidwa: kodi adamuika ndani munthuyo pamsewu nthawi imeneyo, ndipo adali atagona maola angati? Yankho lake limapezeka mu ofesi, pa pepala limene amalembapo ndandanda ya maulendo. Kutopa kwa dalaivala kumayambira pa pepalalo, injini isanalire n'komwe.

Pali zinthu ziwiri zimene zimabweretsa tulo. Choyamba ndi kutalika kwa nthawi imene munthu wakhala ali maso. M'chaka cha 1997, akatswiri awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, adapeza kuti munthu amene wakhala maso kwa maola 17 amachedwa kuona ndi kuchitapo kanthu mofanana ndi munthu amene m'magazi mwake muli mowa wokwana 0.05 peresenti, amene ndi malire a lamulo m'maiko ambiri. Pakatha maola 24, amafanana ndi munthu wa 0.10 peresenti. Tsono dalaivala amene adadzuka 5 koloko m'mawa, pofika 10 koloko usiku amakhala ngati wamwa, ngakhale sadalaweko dontho limodzi.

Chachiwiri ndi nthawi ya tsiku. Thupi lili ndi wotchi yakeyake imene imatsata dzuwa, ndipo wotchiyo imafooketsa munthu kwambiri pakati pa 2 koloko usiku ndi 6 koloko m'mawa, komanso pang'ono masana dzuwa likapendeka. Pa nthawi zimenezi munthu wotopa amatha kugona kwa masekondi ochepa chabe, osadziwa kuti wagona. Lole yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Masekondi anayi a tulo ndi mamita pafupifupi 90, kutalika kwa bwalo la mpira, ndipo pa mtunda wonsewo galimoto imayenda yokha. Pamsewu wokhotakhota ngati wa pa chitunda cha Chiweta, mamita ochepa okha ndi okwanira kugwetsa lole kuphompho.

Madalaivala ali ndi njira zawo zolimbanira ndi tulo: kutsegula zenera, kukweza wailesi, kutafuna chingamu, kusamba madzi ozizira kumaso. Zonsezi zimathandiza kwa mphindi zowerengeka. Khofi amathandiza kwa kanthawi kotalikirapo, koma naye sachotsa ngongole ya tulo, amangoisunthira kutsogolo. Ngongole imeneyi imabwezedwa ndi kugona basi. N'chifukwa chake kulangiza dalaivala kuti akhale tcheru sikukwanira ngati ndandanda yake simpatsa nthawi yogona.

Maiko adazindikira zimenezi kalekale. M'chaka cha 1979, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO lidakhazikitsa pangano la nambala 153, lonena kuti dalaivala asayendetse maola oposa anayi osapumula, asapyole maola 9 pa tsiku ndi maola 48 pa sabata, ndipo apumule maola 10 otsatizana tsiku lililonse. Maiko a m'bungwe la European Union, mwa lamulo la m'chaka cha 2006, amalola maola 9 pa tsiku, maola 56 pa sabata ndi maola 90 pa masabata awiri, ndi kupumula mphindi 45 pakatha maola anayi ndi theka. M'malole ndi m'mabasi mwawo muli kachipangizo kolemba nthawi imene galimoto yayenda ndi imene yaima. Ku United States woyendetsa lole amaloledwa maola 11 pa chiwongolero mkati mwa maola 14 a ntchito, atapumula kaye maola 10.

Komabe kuwerenga maola a pa chiwongolero kokha sikuteteza munthu. Pa 7 June 2014, pamsewu wa New Jersey Turnpike ku United States, lole idaomba galimoto imene mudali wanthabwala wotchuka Tracy Morgan. Munthu mmodzi adamwalira, ena adavulala kwambiri. Bungwe lofufuza za ngozi la NTSB lidapeza kuti woyendetsa loleyo adali asanapyole malire a maola 14 a ntchito, koma adali atakhala maso kwa maola oposa 28, chifukwa adayamba wayenda pa galimoto yake mtunda wa makilomita pafupifupi 1,300 kuchokera kwawo kupita kumene amakayambira ntchito. Pa pepala zonse zidali bwino, koma munthuyo adali asanagone.

Apa m'pamene pali udindo wa wolemba ndandanda. Choyamba, ayenera kuwerenga kuyambira pamene dalaivala adadzuka, kuphatikizapo nthawi yoyenda kuchokera kunyumba, yopakira katundu ndi yoona matayala ndi mabuleki. Maola 10 opumula samakhala onse a tulo, popeza munthu ayenera kudya, kusamba ndi kucheza ndi banja lake, pamene wamkulu amafuna tulo ta maola asanu ndi awiri kapena kuposerapo.

Chachiwiri, kudikira si kupumula. Dalaivala amene waswera pa mzere wa malole pa Nyamapanda kapena pa Beitbridge, akusendeza galimoto pang'onopang'ono, akuthamangira mapepala ndi kulondera katundu, sadapumule ngakhale loleyo sidayende. Ndandanda yabwino imasiya mpata wa kuchedwa kotere, kuti munthu akaoloka malire madzulo asakakamizike kubweza nthawi yotayikayo poyenda usiku wonse.

Chachitatu, maulendo aatali akonzedwe kotero kuti m'mbandakucha umpeze dalaivala ali gone pamalo odziwika, otetezeka ndi okhala ndi madzi. Ngati ntchito ya usiku n'kosatheka kuipewa, asamupatse usiku wambiri wotsatizana, chifukwa tulo ta masana timakhala tochepa ndi todukizadukiza. Nthawi yoyambira ntchito isamasinthesinthe tsiku ndi tsiku, ndipo dalaivala auzidwe za ulendo wake masiku angapo usanafike kuti akonzekere. Pa basi ya ulendo wautali pakhale madalaivala awiri osinthana pa nthawi yoikika. Koma wokonza ulendo akumbukire kuti kugona pa mpando wa galimoto yoyenda sikufanana ndi kugona pa bedi, choncho onse awiri apatsidwe nthawi yogona mokwanira asanabwerere.

Chachinayi ndi malipiro. Munthu wolipidwa pa ulendo uliwonse, kapena woyendetsa minibasi amene bwana wamuikira ndalama zoti abweretse madzulo, amaona kuti kuima n'kutaya ndalama. Ndandanda ingalembedwe bwino chotani, malipiro otere amaiphwanya. Dalaivala amene wanena kuti watopa naima asadulidwe malipiro kapena kuopsezedwa ndi kuchotsedwa ntchito, chifukwa akaopa adzabisa kutopa kwake. Ku Australia, lamulo la magalimoto akuluakulu limene lidayamba kugwira ntchito m'madera ambiri a dzikolo m'chaka cha 2014 limati wolemba ndandanda, mwini galimoto, wotumiza katundu ndi wolandira katundu angathe kuimbidwa mlandu ngati zofuna zawo zidachititsa dalaivala kuyendetsa ali wotopa.

Mwini malole angadandaule kuti kulemba dalaivala wachiwiri kapena kugoneka galimoto usiku n'kowonongetsa ndalama. N'zoona kuti pali mtengo wake. Koma auyerekeze ndi mtengo wa lole yophwanyika, katundu womwazika m'mbali mwa msewu, ndi maliro amene palibe ndalama ingawabweze. Nawo okwera basi ali ndi mbali yawo. Amene amakalipira dalaivala chifukwa waima kuti apumule, ndi amalonda amene amafuna katundu wawo afike m'mawa zivute zitani, akuthandiza kulemba ndandanda yoipa.

Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Kalaliki amene akulemba maulendo a sabata yamawa, asanalembe dzina la dalaivala pa mzere uliwonse, ayambe wadzifunsa kuti munthu ameneyu adzagona kuti, nthawi yanji, ndiponso maola angati.