Msitu wa kumanda uli ndi eni ake

Mukamayenda m'chigwa cha mtsinje wa Revubwe, ponyani maso kutali. Mudzaona minda ya chimanga, ya soya ndi ya mbatata ya kachewere. Mitengo ndi yowerengeka. Koma apa ndi apo pali kamsitu kowirira, kobiriwira ngakhale mu Okutobala. Nthawi zambiri pamenepo ndi pamanda, ndipo m'midzi yambiri dambwe la Nyau limakhala pomwepo.

Kodi munadzifunsapo kuti n'chifukwa chiyani nkhwangwa siinafike pamenepo?

Pali anthu amene amausunga. Salandira malipiro, alibe ofesi kapena chidindo. Ndi anyakwawa, akuluakulu a dambwe, adzukulu okumba manda ndi anamkungwi. Chilimwe chikafika amalambula m'mbali kuti moto wolusa usalowe. Wina akadula mtengo popanda chilolezo, amamutengera kubwalo la mfumu ndipo amalipa nkhuku kapena mbuzi. Mwina inuyo ndinu mmodzi wa iwo, kungoti simunaganizepo kuti imeneyi ndi ntchito.

Dziko lonse linaivomereza ntchito imeneyi. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Ulemuwo unapita ku Mozambique, Malawi ndi Zambia pamodzi. Komatu gule sakhala m'mapepala a ku Maputo. Amafuna msitu wobisalamo, mtengo wosemera ng'oma ndi mkulu wodziwa nyimbo. Msitu ukatha, zilombo zidzatulukira kuti?

Ndiye pali nkhani ya madzi. Revubwe amayambira kumapiri a kuno ku Angónia, n'kutsika kudzera ku Moatize mpaka kukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Mizu ya mitengo imagwira dothi ndipo imathandiza madzi a mvula kulowa pansi. Pamene padulidwa mitengo yonse, mvula imakokolola nthaka, mchenga n'kudzaza mtsinje. Amayi a madimba ndi amene amayamba kuona kuti chitsime chaphwa msanga.

Chiopsezo chachikulu si nkhwangwa yokha. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha pa 4 Okutobala 1992, mabanja ambiri anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ana ambiri anabadwira komweko. Lero agogo odziwa malire a manda, mayina a timitsinje ndi mbiri ya Angoni a Maseko pa phiri la Domwe akutha mmodzimmodzi. Nkhani ya malire ikabuka, amene ali ndi pepala ndiye amamveka kwambiri.

Apa ndi pamene pensulo yanu ikufunika. Lamulo nambala 10/88, la pa 22 Disembala 1988, limateteza chuma cha chikhalidwe m'dziko muno. Silinena za nyumba zakale zokha ngati tchalitchi cha ku Lifidzi. Limatetezanso magule, nthano, ziyankhulo ndi malo olemekezeka. Likutinso amene wapeza malo kapena zinthu zakale adziwitse akuluakulu a boma amene ali pafupi.

Choncho tengani kope. Pitani awiri kapena atatu a m'kalasi mwanu kwa agogo, mutayamba mwapempha kwa anyakwawa. Funsani kuti, "Agogo, kamtsinje aka dzina lake ndi chiyani? Anakatcha ndani? Manda awa amalekeza pati?" Lembani dzina la mudzi, tsiku ndi amene wakuuzani. Zilembo zikakhota musachite manyazi, mphunzitsi adzakuthandizani kukonza.

Chenjezo limodzi: zinsinsi za kudambwe ndi za kuchinamwali si zolemba m'kope. Eni ake amadziwa kasungidwe kake. Inu lembani zimene agogo angathe kunena poyera pabwalo.

Mukamaliza, koperani zonse kawiri. Kope limodzi likhale kwa anyakwawa, lina kusukulu ya m'mudzi, ndipo loyambalo musunge nokha pamalo posafika chiswe.