Kupita padera: choopsa ndi zotsalira

Pa amayi 10 alionse amene adziwa kuti aima, mmodzi kapena awiri amapita padera, ambiri mimba isanapyole masabata 12. Pa ntchito yanga ya udokotala wa amayi kuno ku Lusaka, funso limene abale amayamba nalo ndi lakuti, "Walakwitsa ndani?" Apongozi amaloza ndowa imene mayi anasenza, ena amati bambo anayenda kumbali, enanso amaganizira mfiti. Komatu pafupifupi theka la mimba zochoka msanga zimachoka chifukwa ma chromosome a kamwanako sanagwirizane kuyambira tsiku loima. Zimagwera mayi wa ku Kabulonga wokhala ndi wantchito, zimagweranso wogulitsa tomato pa Soweto Market. Zifukwa zina tingazitchinge: malungo, chindoko, shuga wosasamalidwa, ndi khomo la chiberekero lofooka, limene timatha kulisoka.

Chimene chimandisowetsa tulo ine ndi zotsalira. Kachidutswa ka nsengwa kakakanirira m'kati, chiberekero sichifinyika bwino, mitsempha imakhala pululu, magazi osaleka. Pakapita masiku tizilombo timalowa, thupi limatentha, kumusi kumatuluka zonunkha. Tizilomboto tikafika m'magazi, impso zimatha kuleka ntchito, ndipo nthawi zina timachotsa chiberekero chonse kuti tipulumutse moyo. Chonsecho mayi akafika msanga kuchipatala ntchito yake n'njochepa: mapilitsi a misoprostol, kapena kuyeretsa ndi kachipangizo kokoka ka MVA, kumene kumatenga mphindi zowerengeka. Kunyowetsa mapadi awiri pa ola kwa maola awiri otsatizana si chinthu chodikira nacho kuti kuche. Wa ku Kabwata kapena Woodlands ali pafupi ndi chipatala cha Chilenje ndi Women and Newborn Hospital ya ku UTH. Wa ku Chelstone, chipatala cha Levy Mwanawasa chili pa Great East Road pomwepo.

Palinso mimba yokhala m'chubu, kunja kwa chiberekero, imene imanamiza anthu. Magazi oonekera amakhala madontho chabe pamene m'mimba mukudzaza. Ululu wa mbali imodzi, chizungulire, kupweteka pansonga ya phewa: imeneyo ndi ya ku thiyeta, ndipo sikani ndiyo imatiuza. Mayi wa magazi a Rh negative afunsenso za jekeseni wa anti-D pasanathe maola 72 mimba itachoka, kuti mimba zamtsogolo zitetezeke.

Ambiri amachedwera kunyumba poopa kuti anamwino awanena kuti achotsa dala. Sindikana, pakamwa pa ena a ife pamafunika kuwongola. Koma chithandizo ndi cha mayi aliyense amene akutaya magazi, kaya mimbayo yachoka motani. Ndipo potuluka musaiwale kufunsa za kulera, chifukwa mayi angathe kuimanso pakangopita masabata awiri, asanaone n'komwe kumwezi.