Kang'ona ka ku Karonga komwe kankatafuna

Ng'ona ya mu Shire sitafuna. Ikagwira nyama ndi mano ake osongoka, imangoikhadzula n'kumeza nthulizo. N'chifukwa chake akatswiri anadabwa ndi tizigaza tomwe anafukula ku Mwakasyunguti, m'boma la Karonga, m'zaka za m'ma 1980. Tinali ta mtundu wa ng'ona ndithu, koma mano a kumbuyo anali ndi timisonga tingapo pa dzino limodzi, monga a nyama zoyamwitsa. Lipoti loyamba linatuluka mu 1989 m'magazini ya Science.

Amene anafufuza mafupawa mwakuya ndi Mmalawi, Dr Elizabeth Gomani, yemwe anaphunzira pa Southern Methodist University ku Dallas. Mu 1997 anakatcha kanyamaka Malawisuchus mwakasyungutiensis.

Kanali kakang'ono, masentimita pafupifupi 60 kuchoka kumphuno kufika kumchira, ndipo kanakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Nsagwada yake ya m'munsi inkatha kusendera kutsogolo ndi kumbuyo, kotero chakudya chinkayamba chaphwanyika m'kamwa chisanamezedwe. Ng'ona ya lero singachite zimenezi. Nsagwada yake imangotseguka n'kutsekeka basi. Miyendo nayo ikusonyeza kuti kankayenda pamtunda thupi lili m'mwamba, osakwawa, ndipo mphuno zinaloza kutsogolo, pomwe za ng'ona yobisalira m'madzi zimakhala pamwamba.

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi momwe mafupawa anapezekera. Nyama ikafera poyera, zinzake zimaidya ndipo madzi amamwaza zotsala. Ku Mwakasyunguti mafupa ena anali olumikizana bwinobwino, ndipo Gomani anaona kuti mwina tinyamati tinakwiririka tili m'mauna momwe tinakumba tokha. Mchenga utatiphimba, madzi a m'nthaka analowetsa michere m'mafupamo pang'onopang'ono mpaka anasanduka mwala.

Achibale a kang'onaka apezekanso ku Tanzania, komwe kuli Pakasuchus, ndi ku Brazil. Kutalikirana kwa malowa kusatidabwitse: nthawi imeneyo Africa ndi South America anali atangoyamba kung'ambikana, nyanja ya Atlantic isanakule.

Alendo opita kunyumba yosungiramo zakale ku Karonga amathamangira Malawisaurus, chinyama chachitali khosi chochokera m'miyala yomweyo. Nzomveka, n'chachikulu. Koma ndikanakonda ana a sukulu akanamvanso za Malawisuchus, chifukwa kachigaza kake kanathandiza kusintha zomwe asayansi ankaganiza za banja lonse la ng'ona, ndipo amene anakafotokoza ndi mayi wa kuno kwathu.