Akazi a Sewero la "Dark Shadows": Kodi Anapambana Ndani?

Papita zaka zoposa 50 kucokera pamene sewero la pa wailesi ya kanema lochedwa Dark Shadows linatha ku America, koma anthu amene anali kulikonda sanaleke kutsutsana. Mkangano wao suli pa mfiti ndi mizukwa imene inali m'seweromo ai. Funso lao ndi ili: mwa akazi amene anasewera m'menemo, ndani amene zinamuyendera bwino sewerolo litatha?

Sewero limeneli linayamba pa 27 June 1966 pa wailesi ya kanema ya ABC, ndipo linatha pa 2 April 1971 litafika zigawo 1,225. Analiyambitsa ndi Bambo Dan Curtis. Linali kuonetsedwa masana kuyambira Lolemba mpaka Cisanu, ndipo ana ambiri akaweruka kusukulu anali kuthamangira kunyumba kuti lisawapite. Nkhani yake inali ya banja lolemera la a Collins, lokhala m'cinyumba cakale cochedwa Collinwood m'mbali mwa nyanja. Poyamba anthu sanalilabadire kwenikweni, kufikira m'caka ca 1967 pamene analowetsamo Barnabas, munthu wakufa kale amene anali kudzuka usiku m'bokosi lake kukayamwa magazi a anthu amoyo.

Gulu lalikulu la okonda sewerolo likuti palibe cokambirana, wopambana ndi Mai Kate Jackson. Iwo analowa m'sewero mocedwa, m'caka ca 1970, ali mtsikana wosadziwika, ndipo poyamba anali mzukwa wochedwa Daphne umene sunali kulankhula n'komwe. Koma pofika 1976 anali mmodzi wa akazi atatu a sewero la Charlie's Angels, limene linachuka m'maiko ambiri, ndipo kuyambira 1983 mpaka 1987 anatsogolera sewero lina la Scarecrow and Mrs. King. Ngati muyezo ndi ndalama ndi kuchuka, gulu limeneli silinama.

Koma ena ayankha kuti kuchukako kunali ndi goli lake. Mai Jackson anapatsidwa mwai wosewera m'filimu ya Kramer vs. Kramer ya 1979, koma nchito ya Charlie's Angels sinawalole kucoka. Malo ao anatenga ndi Meryl Streep, amene analandira nao mphotho ya Oscar.

Gulu laciwiri, limene mau ake amveka kwambiri pa misonkhano imene okonda sewerolo akhala akucita kuyambira m'zaka za m'ma 1980, liima ndi Mai Lara Parker ndi Mai Kathryn Leigh Scott. Mai Parker ndiwo anali Angelique, wanchito wa m'nyumba amene Barnabas anamunyenga n'kumusiya cifukwa ca mkazi wina, ndipo iye pobwezera anamulodza. Anasewera bwino kwambiri kotero kuti ufitiwo unawamamatira. Kulikonse kumene anapita anthu anali kuona Angelique basi. Anaoneka m'filimu ya Race with the Devil mu 1975 ndi m'masewero ena a apa ndi apo, koma mbali yaikulu ngati yoyamba ija sinabwerenso.

Cimene anacita ndi cosowa. M'malo molimbana ndi mthunzi wa mfitiyo, anautenga n'kuyamba kulemba mabuku a nthano za Collinwood. Loyamba, Angelique's Descent, linatuluka mu 1998, ndipo pamene anali kumwalira mu October 2023 ali ndi zaka 84, anali atalemba mabuku anai otere. Mai Scott nao, amene anali Maggie Evans, anakhazikitsa kampani yao yosindikiza mabuku ya Pomegranate Press, ndipo mu 1986 anatulutsa buku la zikumbukiro zao za sewerolo, lotsatiridwa ndi ena ambiri.

Otsutsa anena kuti uku ndi kudya mbeu za m'nkhokwe yakale m'malo molima munda watsopano. Ife tiona kuti mau amenewa alemera mopitirira. Masewero ambiri a masana a nthawi imeneyo anaiwalika kalekale, ena matepi ao anafufutidwa. Ngati Dark Shadows ikali kukambidwa lero, mbali ina ndi cifukwa ca amai awiriwa, amene caka ndi caka anali kukomana ndi oonerera, kulemba, ndi kusunga mbiri yake. Ndipo kulemba mabuku anai si nchito ya munthu amene angokhala pa mkeka kudikira zakale.

Alipo akazi awiri amene muyezo wa magulu onsewa suwakwana, pakuti iwo anafika atakhwima kale. Mai Joan Bennett anali katswiri wa ku Hollywood kuyambira m'zaka za m'ma 1930. Pambuyo pa sewerolo anaoneka m'filimu yoopsa ya ku Italy ya Suspiria mu 1977, namwalira mu 1990. Mai Grayson Hall, amene anali dokotala Julia Hoffman, dzina lao linali litachulidwapo kale pa mpikisano wa Oscar cifukwa ca filimu ya The Night of the Iguana ya 1964. Iwo anabwerera ku masewero a pa siteji ku New York mpaka imfa yao mu 1985.

Amene asowetsa mtendere onse otsutsanawa ndi Mai Alexandra Moltke. Iwo ndiwo anali Victoria Winters, mtsikana wamasiye amene sewero lonse linayambira pa ulendo wake wa pa sitima kupita ku Collinwood. Anacoka mu 1968 ali ndi pakati, ndipo sanabwererenso. Ena awayesa munthu amene anataya mwai. Koma patapita zaka, akudziwika ndi dzina la Alexandra Isles, anayamba kupanga mafilimu a mbiri yeniyeni, ndipo imodzi mwa iwo ifotokoza m'mene anthu a ku Denmark, dziko la atate ao, anapulumutsira Ayuda m'manja mwa asilikali a Hitler mu 1943.

Mu 2012 Bambo Tim Burton anapanga filimu yatsopano ya Dark Shadows, Johnny Depp akusewera ngati Barnabas. Mwa akazi akale aja, amene anaonekamo ndi Mai Parker ndi Mai Scott. Anangooneka kanthawi kocepa cabe, ngati alendo olowa pa khomo la Collinwood kudzacita nao phwando.