Kampani Ikayamba Kulamula Apolisi

M'mafilimu ongopeka onena za m'tsogolo, ndimaona kuti kawirikawiri wolamula sakhala mfumu kapena pulezidenti, amakhala kampani. Mu RoboCop ya 1987, kampani ya OCP ndi imene ikuyendetsa apolisi a mumzinda wa Detroit. Wapolisi Murphy ataphedwa ndi zigawenga, akuluakulu a kampaniyo akumusandutsa makina, n'kumamuyesa katundu wawo. Chimene chimandiwawa n'chakuti amubisira lamulo m'mutu loti asadzamange bwana aliyense wa kampaniyo. Wakuba wamsewu amangidwe, wa mu ofesi ayi.

Filimu ya Alien ya 1979 nayo siisiyana: antchito a kampani angafe onse, bola chilombo chimene apeza chikafike kwa mabwana.

Kwa ine, RoboCop sinkalosera. Inkanyoza dyera la amalonda a ku America m'nthawi ya Ronald Reagan, ndipo inanyoza bwino.